Kutseka session osasunga zosintha mu PHP: njira zisanu, ndi pomwe iliyonse imagwira bwino

Chaka china ndinapatsidwa ntchito yokonza webusaiti ya sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Kasitomala ankasankha katundu, katunduyo n'kulowa m'dengu, ndipo amene anali ndi nambala yochotsera mtengo ankailemba asanalipire pa foni. Dengu lonse linkakhala mu session, malo omwe seva imasungamo zinthu za munthu mmodzi akamayenda tsamba ndi tsamba. Chifukwa cha phuma, ndinalemba code yomwe inkayamba yatsitsa mtengo m'dengumo, kenako n'kukafunsa ku database ngati nambalayo idakali yamoyo. Masiku omwe database inkachedwa kuyankha, pulogalamu inkafera panjira. Kasitomala ankaona tsamba lomuuza kuti china chake chalakwika, n'kubwerera m'mbuyo, n'kupeza thumba la feteleza latsika mtengo, chonsecho nambala yake inali itatha kale ntchito. Mwini sitolo anandiimbira foni usiku, ndipo moni sanapereke.

Chomwe ndinali ndisanachigwire bwino ndi chakuti PHP, chilankhulo cha pulogalamu chomwe ndinkalembamo, sifunsa ngati ntchito yatheka isanasunge session. Mukaitana `session_start()`, imatenga nambala ya session yomwe ili mu cookie (kachizindikiro komwe browser imasunga) yotchedwa PHPSESSID, kutsegula fayilo yomwe dzina lake limayamba ndi `sess_`, kuikhoma ndi loko, n'kukhuthulira zonse mu `$_SESSION`. Pulogalamu ikafika kumapeto, zomwe zili mu `$_SESSION` zimalembedwa m'fayilomo. Ikaima ndi `exit`, zimalembedwa. Ikagwa ndi exception (cholakwika choimitsa pulogalamu) yomwe palibe waigwira, zimalembedwabe, ngakhale zikhale zosapsa. Ndiye funso la momwe mungachokere mu session osasiyamo zinyalala si lamasewera.

Miyezo yoyezera

Njira zonse zisanu ndi zaulere, choncho ndikamanena za mtengo sindikunena makwacha. Mtengo weniweni ndi loko uja. Session yosungidwa m'fayilo imatsegulidwa ndi pempho limodzi lokha (browser ikafunsa tsamba ku seva) panthawi imodzi. Ngati tsamba lina likudikira yankho kuchokera ku Airtel Money kapena Mpamba litagwira loko, munthu yemweyo akatsegula tsamba lachiwiri limangozungulira, ngati mzere wa pachigayo pomwe wa kutsogolo wabwera ndi matumba asanu.

Kupezeka ndi nkhani ya PHP yomwe ili pa seva yanu, makamaka ngati muli pa hosting yogawana ndi ena komwe simungasinthe zambiri. Kusamalira ndi zomwe mnzanu wobwera pambuyo panu ayenera kukumbukira kuti asaononge. Zoopsa ndi zomwe zimachitika mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wokuchenjezani.

Njira yoyamba: session_abort()

Iyi ndiye inapangidwira ntchito imeneyi mwachindunji. Imatseka session osalemba kanthu, ndipo fayilo imatsala momwe inalili pempho lisanayambe.

```php
session_start();
try {
    konzani_dengu($nambala);
} catch (Throwable $e) {
    session_abort();
    throw $e;
}
```

*Mtengo.* Wotsika kwambiri. Loko imamasuka pomwepo, ndipo palibe chomwe chimalembedwa pa disk. Koma kuyambira pa `session_start()` mpaka pomwe mwaitana abort, loko munali mutaigwira, ndiye siithetsa vuto la mzere wa pachigayo.

*Kupezeka.* Inabwera ndi PHP 5.6 m'chaka cha 2014. Kuyambira PHP 7.2 imabweza true kapena false, pomwe kale sinkabweza kanthu. Pa seva iliyonse yomwe ikusamalidwa lero muipeza.

*Kusamalira.* Apa ndi pomwe pali ntchito. Njira iliyonse yomwe pulogalamu ingagwere iyenera kudutsa pa abort, ndipo zipata zotulukira zimachuluka pulogalamu ikamakula. Kuli bwino kuiika malo amodzi, mu `set_exception_handler`, kusiyana ndi kuimwaza m'mafayilo makumi awiri. Dziwaninso kuti memory ikatha, kapena nthawi ya `max_execution_time` ikakwana, yomwe mwachizolowezi ndi masekondi 30, `try` ndi `catch` sizigwira kanthu. Pamenepo mufunika `register_shutdown_function` yomwe iyang'ane `error_get_last()` n'kuitana abort PHP isanalembe.

*Zoopsa.* Zilipo zingapo, ndipo zonse ndi zobisika. Choyamba, abort sikhudza `$_SESSION` yomwe ili mu memory. Fayilo ili bwino, koma ngati tsamba lomwe mukuonetsa pambuyo pake likuwerenga mtengo kuchokera mu `$_SESSION`, kasitomala aona mtengo wolakwika uja kamodzi, ajambule, akutumizireni pa WhatsApp ngati umboni.

Chachiwiri, imataya zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati mumawerengera mu session kuti munthu walakwitsa password kangati, ndipo kulakwitsako kumathera pa abort, chiwerengerocho sichidzakwera, ndipo wakuba adzayesa mpaka atatopa yekha. (Chiwerengero chotere malo ake ndi mu database, chifukwa wakuba angathenso kungotaya cookie n'kuyamba session ina, koma ndachiona mu session kangapo.)

Chachitatu chinandidyera tsiku lathunthu. Mukaitana `session_regenerate_id(true)`, yosintha nambala ya session, munthu akangolowa, monga mmene ziyenera kukhalira, fayilo yakale imafufutidwa nthawi yomweyo, pomwe yatsopano imadikira kulembedwa kumapeto. Mukaitana abort pakati pa ziwirizi, yakale kulibe, yatsopano ilibe kanthu, ndipo munthu uja watulutsidwa osadziwa chomwe walakwa.

Chachinayi ndi chachikulu kuposa zonse. Abort imabweza session yokha basi. Mzere womwe mwalemba mu database ulipobe, SMS yomwe yapita yapita, ndipo pempho la ndalama lomwe lafika pa foni ya kasitomala silibwerera. Ngati database ikusintha limodzi ndi session, `rollBack()` ya PDO, chida cha PHP cholankhulira ndi database, iyenera kukhala mu `catch` yomweyo.

Njira yachiwiri: session_reset()

Ndi mphwake wa abort, anabadwa limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti reset sitseka chitseko. Imataya zomwe mwasintha, kuwerenganso zomwe zili m'fayilo, n'kukusiyani mukadali m'kati.

*Mtengo.* Kuwerenga fayilo kachiwiri, komwe si kanthu. Loko imakhalabe m'manja mwanu mpaka pulogalamu itathe kapena mutaitana `session_write_close()`.

*Kupezeka.* PHP 5.6 kupita m'tsogolo. Imagwira pokhapokha session ili yotsegula. Mukaiitana mutatseka kale, palibe chomwe ichite.

*Kusamalira.* Chimodzimodzi ndi abort: muyenera kuikumbukira pa chipata chilichonse. Koma code yake imawerengeka bwino, chifukwa pambuyo pa reset `$_SESSION` ndi fayilo zimanena chimodzi.

*Zoopsa.* Nayonso imasesa zabwino zomwe, monga token ya fomu, nambala yachinsinsi yotsimikizira kuti fomuyo ndi yanu, yomwe munapanga koyambirira kwa pempho. Ngati fomuyo yaonetsedwa kale ndi token imeneyo, munthu akadina batani lotumiza adzakanidwa. Ubwino wake n'ngwakuti mukatha kusesa mutha kulembanso. Pa sitolo ija, iyi ikanandikomera kuposa abort: kubweza dengu momwe linalili, kenako kuika mu session uthenga woti "Nambala yanu sinatsimikizike, yesaninso," n'kumubweza kasitomala ku tsamba la dengu. Ndi abort uthengawo ukanatayika pamodzi ndi zinyalala.

Njira yachitatu: kuwerenga n'kutseka pomwepo

```php
session_start(['read_and_close' => true]);
```

Apa simudikira kuti zinthu zilakwike. Mukunena kuyambira pachiyambi kuti tsamba ili langobwera kudzaona, silidzalemba. PHP imawerenga fayilo, kudzaza `$_SESSION`, n'kumasula loko nthawi yomweyo.

*Mtengo.* Palibe njira yotchipa kuposa iyi. Tsamba lomwe likutulutsa lipoti lalikulu la PDF, kapena lomwe JavaScript imalifunsa masekondi asanu aliwonse ngati ndalama zalowa, silitsekerezanso masamba ena a munthu yemweyo. Ngati webusaiti yanu imaoneka yolemera munthu akatsegula ma tab awiri, yambirani pano musanalipire seva yaikulu.

*Kupezeka.* PHP 7.0, yomwe inatuluka mu December 2015, ndi zonse zotsatira. Pa PHP yakale kuposa apo, anthu ankaitana `session_start()` kenako `session_write_close()` motsatizana, zomwe zimamasula loko koma zimalembabe fayilo.

*Kusamalira.* Pamafunika mwambo. Mnzanu akadzawonjezera mzere wolemba mu `$_SESSION` pa tsamba lotere, PHP sidzadandaula ngakhale pang'ono. Mzerewo udzaoneka ngati wagwira, ndipo pa tsamba lotsatira chinthucho kulibe. Ine ndimapanga ma function awiri a maina omveka, ina yotsegula kuti muwerenge, ina yotsegula kuti mulembe, kuti wowerenga code aone yekha pamwamba pa fayilo.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi nthawi. PHP imadziwa kuti session idakali yamoyo poyang'ana nthawi yomwe fayilo inakhudzidwa komaliza, ndipo `session.gc_maxlifetime` mwachizolowezi ndi masekondi 1440, omwe ndi mphindi 24. Kuwerenga n'kutseka sikusuntha nthawi imeneyi, ndipo abort nayonso siisuntha. Taganizirani wophunzira yemwe walowa pa webusaiti ya sukulu, akuwerenga maphunziro tsamba ndi tsamba kwa ola lathunthu, masamba onse ali ongowerenga. Kwa seva, munthuyu anachoka kalekale. Pa Debian ndi Ubuntu, ntchito yosesa mafayilo akale mu `/var/lib/php/sessions` imachitika payokha mphindi 30 zilizonse, ndiye akamadzafika pa mayeso n'kudina batani lotumiza, amapezeka watulutsidwa, bundle yatha, mayankho apita. Mankhwala ake ndi kusunga mu session nthawi yomwe munalemba komaliza, ndipo ikadutsa mphindi zisanu kapena khumi, pempho limenelo litsegule mwachizolowezi kuti fayilo itsitsimuke.

Chinanso chaching'ono koma chochititsa manyazi: mauthenga oonetsa kamodzi, monga "Zasungidwa bwino." Tsamba longowerenga limauonetsa koma silingaufufute, ndiye umangobwerabwera pa tsamba lililonse.

Njira yachinayi: kugwirira ntchito pambali

Iyi si function ayi, ndi kalembedwe. Amayi akamasankha mpunga sasankhira mumphika uli pamoto. Amasankhira m'lichero, woyera wokha ndiwo umalowa mumphika. Tengani zomwe mukufuna kusintha, ziikeni mu variable wamba, chitani zonse zomwe zingalephereke, ndipo `$_SESSION` muikhudze pa mzere womaliza.

```php
$dengu = $_SESSION['dengu'];
tsimikizani($nambala);
$dengu['mtengo'] = chotsani($dengu['mtengo'], $nambala);
$_SESSION['dengu'] = $dengu;
```

Pulogalamu ikagwa pa mzere wachiwiri kapena wachitatu, palibe choti mubweze, chifukwa palibe chomwe munasintha. Zilibe kanthu kuti yagwa ndi exception, memory, kapena nthawi.

*Mtengo.* Pa seva ndi wochepa zedi. Mtengo uli pa nthawi yanu: ngati mwalandira pulogalamu yakale yomwe imalemba mu `$_SESSION` paliponse, kuikonza kuti izilemba malo amodzi kungakutengereni masabata. Pa pulogalamu yatsopano palibe chowonjezera.

*Kupezeka.* Paliponse. PHP iliyonse, hosting iliyonse, ngakhale m'zilankhulo zina za pulogalamu.

*Kusamalira.* Ndi yopepuka kuposa zonse, chifukwa simuwerenga zipata zotulukira. Kuyambira PHP 7.0, `session.lazy_write` imakhala yoyaka, kutanthauza kuti ngati zomwe zili mu session sizinasinthe, PHP imangotsitsimutsa nthawi osalembanso fayilo yonse. Choncho pempho lolephera silisintha kanthu, komanso munthu satulutsidwa chifukwa cha nthawi.

*Zoopsa.* Msampha wake ndi ma object. Array mukaikopera ku variable ina, mwapeza yanuyanu. Object mukaikopera, mwangopeza dzina lachiwiri la chinthu chomwecho, ndipo mukasintha `$dengu->mtengo` mwasinthanso chomwe chili mu session. Mufunika `clone`, ndipo ngati m'kati mwa object muli ma object ena, mulembenso `__clone` kuti nawonso akopedwe. Pa chifukwa ichi ndimakonda kusunga ma array osavuta mu session, kapena manambala a katundu okha, mtengo n'kumauwerengera kuchokera ku database nthawi iliyonse. Ndikanachita zimenezo pa sitolo ija, foni ya usiku sikanabwera.

Ndipo ngati mwaphatikiza njirayi ndi yachitatu, kuwerenga n'kutseka, kudikira yankho la ndalama, kenako kutsegulanso kuti mulembe, kumbukirani kuti pakatipo tab ina ingakhale itasintha dengu. Mukatsegulanso, lembani kachigawo kanu kokha, osati kukhuthulira zakale zonse pamwamba pa zatsopano. Kutsegulanso kuyenera kuchitika musanatumize chilichonse ku browser, apo ayi mulandira uthenga wotchuka uja wa headers already sent.

Njira yachisanu: session_destroy()

Ndaiika pano chifukwa ambiri amaisokoneza ndi abort. Zonse ziwiri sizisunga zosintha, koma abort imasiya zakale zili bwinobwino, pomwe destroy imagwetsa nyumba yonse. Mukaigwiritsa ntchito pofuna kungokonza dengu, mwatulutsa kasitomala m'sitolo chifukwa chakuti inuyo mwalakwitsa kuwerengera.

*Mtengo.* Pa seva palibe. Kwa munthu ndi waukulu: alowenso, asankhenso katundu, adyenso bundle.

*Kupezeka.* Ilipo kuyambira PHP 4.

*Kusamalira.* Imakhala malo amodzi, pa batani lotulukira, ndiye siivuta. Koma payokha siimaliza ntchito. Sifufuta `$_SESSION` ya mu memory, ndipo sichotsa cookie mu browser. Kutulutsa munthu mokwanira kumafuna zitatu: `$_SESSION = []`, kenako `setcookie` yokhala ndi nthawi yakale komanso path ndi domain zomwe `session_get_cookie_params()` ikupatseni, kenako destroy.

*Zoopsa.* Cookie ikatsala, browser imabweranso ndi nambala yakale, ndipo ngati `session.use_strict_mode` ili pa 0, monga imakhalira mukapanda kuisintha, PHP imailandira n'kutsegula session yatsopano pa nambala yomweyo. Pa kompyuta yogawana, ya mu labu ya sukulu kapena pa malo olipira intaneti, zikutanthauza kuti munthu wotsatira angalowe pa nambala yomwe wina akuidziwa. Iikeni pa 1, ndipo musinthe nambala nthawi iliyonse munthu akalowa.

Ngati session yanu siili m'fayilo, kapena simuli pa PHP yeniyeni

Zonse ndanena za loko zikukhudza mafayilo. Mukasamutsira session ku Redis, database yosunga zinthu mu memory, kudzera pa phpredis, loko imakhala yozimitsa mpaka mutayatsa `redis.session.locking_enabled`. Mzere wa pachigayo umatha, koma mapempho awiri angathe kulemberana pamwamba, ndipo womaliza kulemba ndiye amapambana. Pamenepo abort ndi kuwerenga n'kutseka zimapeza ntchito ina: kuletsa tsamba lomwe linalibe cholemba kuti lisafufute za linzake. Ngati munalemba nokha class ya `SessionHandlerInterface`, abort imaitana `close()` osadutsa pa `write()`, ndiye loko yanu imasulidwe mu `close()`.

Mwa ma framework, omwe ndi maziko okonzedwa kale omangirapo webusaiti, CodeIgniter imayenda pa session za PHP, ndiye zambiri mwa izi zikugwira. Laravel ili ndi zakezake ndipo sigwiritsa `$_SESSION`. Kuitana `session_abort()` kumeneko n'kukhoma chitseko cha nyumba ya eni. Njira yachinayi ndiyo imagwira popanda kusintha. Django, ya chilankhulo cha Python, imasunga session pokhapokha yasinthidwa, ndipo siisunga konse yankho likakhala 500, nambala yosonyeza kuti seva yalephera, zomwe PHP imakusiyirani kuti muchite nokha. Ku Node, komwe ndi JavaScript ya pa seva, express-session ili ndi `unset` yomwe mwachizolowezi ili pa `keep`: mukaika `req.session = null`, zomwe zili m'nkhokwe zimatsala koma zosintha za pempho limenelo zimatayidwa, ndendende ngati abort.

Ndiye musankhe iti?

Ngati mukuyamba pulogalamu yatsopano, kapena mukulemba gawo lomwe likukhudza ndalama, gwirirani pambali. Abort muiikebe mu `set_exception_handler` ngati ukonde wa pansi, koma isakhale njira yanu ya tsiku ndi tsiku.

Ngati mwalandira pulogalamu yakale yomwe imalemba mu session paliponse, ndipo mwini wake akufuna vuto lithe pofika Lachisanu, abort ya malo amodzi pamodzi ndi ya mu shutdown ndiyo ikupulumutseni. Musanaiyatse, fufuzani paliponse pomwe pali `session_regenerate_id` ndi pomwe pakuwerengedwa ma password olakwika.

Ngati cholakwikacho n'choyembekezeka, monga nambala yokanidwa kapena katundu watha, ndipo mukufuna kumuuza munthu pa tsamba lotsatira, tengani reset, kenako lembani uthengawo.

Masamba a malipoti, otsitsa mafayilo, ndi aja JavaScript imawafunsa pafupipafupi, apatseni kuwerenga n'kutseka. Onetsetsani kuti pali china chomwe chikutsitsimutsa session mphindi 24 zisanakwane, makamaka komwe anthu amawerenga nthawi yaitali asanatumize kanthu.

Destroy ndi ya batani lotulukira, ya akaunti yomwe mwaitseka, ndi ya nthawi yomwe mukukayikira kuti cookie ya munthu yabedwa. Pa zonsezi chitani masitepe atatu aja, kenako mumutumize ku tsamba lolowera, ndipo muyese nokha pa browser: tulukani, dinani batani lobwerera m'mbuyo, n'kuyang'ana ngati PHPSESSID yakale idakalipo.